Khutu la Msilikali wa Pansi pa Nyanja

Mvula ya nyengo yozizira ikamagwa ku Alexandria, bambo okalamba a m'nyumba ya pangodya amamwa tiyi mwakachetechete, khutu atatchera kunyanja. Pa nthawi ya nkhondo anali msilikali womvetsera phokoso la sitima za adani m'sitima yoyenda pansi pa madzi. "Pansipo maso alibe ntchito," amatero.

Opanga masewera a pakompyuta atawaonetsa sitima ya pansi pa madzi ya m'masewera awo, bambowo anaseka. "Mwaikamo mazenera? Nanga makatani mwaiwala?"

"Amalume, mverani mdani akubwera," anatero Nermin, mtsogoleri wa gululo, chala chili chire pa batani lowombera.

Bambowo anatsinzina, injini ikugunda chapatali m'masewerawo.

"Phokosoli munakalijambula kudoko, eti?"

Nermin anavomera.

"Chotsa chalacho, mwana wanga. Amenewo ndi asodzi akubwerera kwawo. Tisaphunzitse ana kuwawombera."