Munda umene bambo anaukana ku Madziwa

Masiku ano ndikakwera kombi ya ku Chipadze, achinyamata amakhala akuonetsana pafoni zoti Rasha yaopsezanso ndi bomba la nyukiliya. Ena amaseka, ena amati ndi masiku otsiriza. Ine ndimangoyang'ana pawindo, chifukwa nkhani za mabomba amenewa zinatidyera munda.

Bambo anga ankagwira ntchito pansi, mumgodi wa nikelo ku Madziwa, kuno kudziko la Ashona. Anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanapondekonso. Sukulu sanapite nayo patali, koma za Amerika ndi Rasha ankazidziwa kuposa za abale awo. Akaweruka ankakhala pakhonde ndi wailesi, anzawo a m'komboni atawazungulira, n'kumawafotokozera kuti mayiko awiriwo akupikisana kusula mabomba oti limodzi lokha likhoza kufafaniza tawuni yonse. Ankati zida zankhondo sizilimba popanda nikelo.

"Azunguwo akamanolerana mipeni, ife timadya," ankatero.

Lamlungu, poti anali mkulu wa mpingo, ankapempherera mtendere wa dziko lonse lapansi mokweza mawu. Lolemba akamva kuti mkangano wakula, ankapita kuntchito akuimba mluzu.

Nyumba imene tinkakhala inali ya mgodi. Mayi anga, obadwira pafamu, ankadziwa bwino kuti ntchito ikatha, denga limathera pomwepo. Ndiye mnzawo wa bambo wina, Mshona amene ankaboola naye mwala, anati atipatse malo kuseri kwa nyumba yake kumudzi, pafupi pomwepo. Anali atakambirana kale ndi akuluakulu a kwawoko. Chinkafunika ndi mbuzi imodzi basi.

"Bambo a ana, tengani mundawo," mayi anatero. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

"Ndimange kuno? Kuti kwathu azinena kuti ndinatchona?"

"Kwanu kwake kuti? Ndani angakuzindikireni?"

"Mgodi uwu sungatseke, mayi. Amerika ndi Rasha sadzagwirana chanza mpaka Yesu adzabwere. Ndikadzapuma ntchito tidzapita kwathu."

Sanali okha oganiza choncho. Amalawi ambiri a msinkhu wawo ankaona ngati kuumba njerwa m'dziko lino n'kuutaya mudzi, ngakhale mudziwo anali atausiya tsitsi lili bii, tsopano lili mbuu. Mpaka lero zimandipsetsa mtima, ngakhale ndinkawakonda kwambiri bambo anga.

Kenaka azungu aja anagwirana chanza. Wailesi inanena kuti dziko lalikulu la Rasha lija laphwasuka, ndiponso kuti mabomba ena awaphwasula. Kutchalitchi anthu anathokoza Mulungu, bambo n'kuvomera nawo ameni wa pansipansi. Posakhalitsa tinamva kuti nikelo wa ku Rasha wadzaza pamsika, mtengo wagwa. Mgodi sunafe tsiku limodzi. Unadwala zaka zingapo, ena n'kumati mwala weniweniwo ukutha. Ovataimu inatha, kenaka anthu anayamba kuchotsedwa m'magulumagulu.

Loweruka lina bambo anagula mbuzi, n'kuikoka ulendo wa kwa mnzawo uja, osatiuza kanthu. Dzuwa likupendeka tinawaona akubwera, mbuzi ija ili pambuyo. Malo aja anali atapatsidwa kale kwa mwana wa mlongo wa mnzawoyo. Mayi anangolandira chingwe n'kukaimangirira pamtengo wa mango.

Mgodi utatseka anatipatsa tsiku loti tituluke m'nyumba. Mabanja atatu tinapangana lole imodzi, awiri a Chishona ndi lathu. Tinakweza bedi, kabati ndi matumba a ziwiya. Banja loyamba linatsika patangopita kamtunda pang'ono, abale awo akuthamangira lole ndi nthungululu. Lachiwiri linatsika kutsidya kwa mtsinje. Tinatsala ife tokha kumbuyo, mayi atakumbatira mtolo wa zofunda, ine ndi mng'ono wanga titakhala pamatiresi.

Pamphambano ya msewu wa ku Bindura dalaivala anaimitsa lole, n'kusuzumira kumbuyo.

"Tokusiyai kupi, mudhara?" anafunsa m'Chishona, kufuna kudziwa kokatitsitsa.

Bambo anayang'ana kumanja, anayang'ananso kumanzere. Ndinachita manyazi m'malo mwawo, ndipo ndinachita mantha. Munthu amene ankadziwa kumene kuli bomba lililonse padziko lapansi anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Ingoyendetsani, mwananga," anatero. "Ndikuuzani kutsogoloko."