Chipewa Chimene Ndinagula pa Manda a ku Korea

Uthengawo unandipeza m'mawa, ndili m'chipinda cha hotela ku Korea, ndikumanga nsapato. Unachokera kwa mlongo wanga wamng'ono, amene ankakhala ndi adada kumudzi ku Wovwe. Analemba kuti: "Adada matenda akula. Tiimbireni tidziwe chochita."

Uthenga woterewu ine ndinaulembapo kawiri konse, polembera anthu ena. Kwathu munthu amene ali kutali sitimuuza poyera kuti m'bale wake wamwalira. Timaopa kuti angakomoke pamsewu popanda womugwira. Timangoti matenda akula, iye n'kudzimvera yekha. Adada anadwala shuga zaka zambiri, ndipo nthawi zonse akagonekedwa mlongo wanga ankatchula chipatala, wodi, ngakhale mankhwala amene awapatsa. Ulendo uno sanatchule chilichonse.

Chochita chimene ankafunsacho ndinkachidziwanso. Kwathu maliro sakhalitsa pakhomo. Panali njira ziwiri: kutengera thupi ku boma likasungidwe mufiriji mpaka ine nditafika, kapena kuika mawa lake. Ine ndine woyamba kubadwa, ndipo adada ankakonda kunena pagulu, akundiloza ndi ndodo yawo, kuti, "Dothi loyamba adzaponya ndi uyu. Enanu mudzadikire." Choncho ankadikira mawu anga.

Ndinaika foni m'chikwama, ndinamaliza kumanga nsapato, n'kutsika kukakwera basi.

Tinali kumeneko kwa masabata atatu, alangizi a ulimi wa mpunga wothirira ochokera m'mayiko angapo a mu Africa. Tsikulo linali Loweruka, ndipo eni maphunziro anakonza zoti tikaone mzinda wakale wa mafumu awo. Ndikanatha kugogoda pachitseko cha wotiyang'anira n'kumuuza. Ndikanatha kuimba ndili m'basi momwemo, chifukwa netiweki inali mbwee. Sindinatero. Ndinkaopa, basi. Mumtima ndinkati bola ndisanaimbe, adada akadali moyo, akhala pakhonde ndi wailesi yawo akutukwana nkhuku.

Ife a ku Karonga timadzitama kuti kutentha timakudziwa, moti timawaseka a ku Mzuzu akabwera ndi majuzi awo. Tsiku limenelo ndinasiya matama. Kutentha kwa chilimwe cha kumeneko n'konyowa, ngati wina wakufunditsa bulangete loviika m'madzi otentha. Titangotsika basi bulauzi inali itamata kale pamsana. M'mitengo nyenje zinkalira mosalekeza mpaka m'makutu kuwawa.

Wotitsogolera anali mayi wachitsikana, wonyamula kambendera kuti tisasochere, kamaikolofoni kali pakamwa. Anatilowetsa pamalo aakulu otchingidwa ndi mpanda wa miyala. Mkatimo munali zitunda zikuluzikulu zozungulira ngati zulu, zina zazitali kuposa tchalitchi chathu, udzu wake wometedwa bwino. Ine ndinkayesa ndi timapiri. Mayiyo anamwetulira n'kunena kuti amenewo ndi manda a mafumu ndi akazi awo, ndipo akhala pamenepo zaka zoposa chikwi.

Manda! Pa zinthu zonse za m'dziko lija, tsiku limenelo anasankha kundionetsa manda.

Anthu ankangoyendayenda pakati pake ngati ali pamsika. Ana ankathamangitsana. Ena ankanyambita ayisikilimu, ena atabwereka zovala zamakedzana n'kumajambulitsa atagwirana m'chiuno. Ndinapsa mtima. Kwathu kumanda sulowa popanda chilolezo, sulozako chala, ndipo pochokako umasamba m'manja usanagwire mwana. Ndinayenda kumbuyo kwa gulu ndikuwanena chamumtima kuti anthu awa alibe mwambo, alibe ulemu ndi akufa. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, chifukwa pa anthu onse anali pamenepo, amene anali ndi maliro m'chikwama ndinali ine.

M'gulu lathu munali bambo wina wa ku Tanzania, wa cha ku Mbeya, amene tinkatengana ngati anansi poti kwathu n'kuwoloka Songwe basi. Anabwerera m'mbuyo kudzayenda nane. Ankanditchula kuti dada, kutanthauza mlongo m'chinenero chakwawo.

"Dada, vipi, zili bwanji? Lero pakamwa mwatseka. Mwadwala?"

"Ndi dzuwali," ndinatero.

"Munthu wa ku Karonga kudandaula dzuwa? Ndikakawauza kwanu akakuthamangitsani."

Ndinaseka. Kuseka kunabwera kokha, osavuta n'komwe.

Masana anatipatsa chakudya chonga supageti, chili m'msuzi wozizira woyandama timiyala ta ayezi. Anzanga ena anangolawa n'kukankhira mbale kutali. Ine ndinadya chonse mpaka kumwa msuzi. Sindinama, chinakoma.

Cha m'ma wani koloko anatitengera ku chitunda china chimene anachiboola khomo kuti anthu azilowa. Tinaima pamzere n'kulowa m'manda ngati tikulowa m'banki. Mkati munali mozizira ndi makina, magetsi ali ofooka. Kuseri kwa galasi kunali chisoti chagolide, lamba wagolide, mikanda, ndi malo oyalidwa miyala pamene panagona mwini wake. Wotitsogolera anati dzina la mfumuyo palibe amene amalidziwa motsimikiza. Anthu ankatulutsa mafoni n'kumajambula.

Ine ndinayamba kuwerenga maola. Kwathu kumatsalira m'mbuyo ndi maola asanu ndi awiri, ndiye kuti kunali kukucha. Imeneyo ndi nthawi imene akuluakulu amadzuka pa siwa n'kugwirizana, ndipo akati tikuika lero, anyamata amatenga makasu ndi mafosholo kupita kumanda. Ndinkadziwanso lamulo limene aliyense kwathu amalidziwa: manda akakumbidwa sagona opanda mwini wake. Khasu likangogwa pansi, nkhani yatha, ngakhale wodikiridwayo atakhala kuti ali pa Uliwa, pamsika wapafupi ndi kwathu pomwepa. Ndinalowetsa dzanja m'chikwama n'kuigwira foni. Ndinaigwira nthawi yaitali, mpaka wakumbuyo kwanga anandikhudza paphewa kuti mzere ukuyenda.

Potuluka, bambo wa ku Tanzania uja anati ndiime pakhomo la mandawo andijambule. "Sekani pang'ono, dada, kwanu aone kuti munafikadi." Chithunzicho ndili nacho. Mano onse ali panja.

Tinaonanso nsanja yamiyala imene akale awo ankaonerapo nyenyezi, ndi dziwe lodzaza maluwa a m'madzi. Zimenezo ndimazikumbukira pang'ono. Chimene ndimakumbukira bwino ndi kashopu ka pafupi ndi poimika mabasi, kamene kanapachika zipewa panja.

Tsiku limene ndinkanyamuka, adada anandiperekeza mpaka pa Uliwa, ngakhale miyendo inali yotupa. Anavala chipewa chawo chakale chimene anagula pa Uliwa pomwepo, pashopu ya bambo wina wa ku Mangochi, chitabooka pamwamba mpaka imvi kumasuzumira. "Zamakina awo usandiuze, sindizimva," anatero. "Ukaone ngati mpunga wawo umanunkhira kuposa kilombero wathu. Ukapeza kuti ayi, ukawauze. Ndipo ukandigulire chipewa cha alimi a kumeneko, chachikulu. Mutu wangawu ukuudziwa."

Ndinasankha chipewa chaudzu, cha mlomo waukulu. Ndinayesa zitatu pamutu panga kufuna chimene chikundikhwepa kwambiri, poti adada anali ndi mutu waukuludi. Wogulitsa, mayi wachikulire wovala magolovesi, anafunsa kudzera mwa wotitsogolera kuti ndikugulira ndani. Ndinati bambo anga. Mayiyo anawerama pang'ono n'kulankhula mawu angapo.

"Akuti bambo anu ali ndi mwayi," anamasulira wotitsogolera. "Akuti ndinu mwana wabwino."

Ndinalipira chipewacho n'kutuluka. Ndinazungulira kuseri kwa basi, pamene injini inkatulutsa mpweya wotentha, n'kuimba. Inali faifi koloko madzulo, kwathu teni koloko m'mawa. Foni isanafike bwino kukhutu ndinamva azimayi akuimba nyimbo za maliro.

"Adumbu, mwaimba," anatero mlongo wanga. Ndi mmene amanditchulira m'Chitumbuka chathu.

"Adada ali bwanji?" Ndinafunsadi choncho, mopanda manyazi.

Iye anati, "Manda atha kukumba. Bokosi lafika. Tikuika masana ano."

"Dikirani! Apititseni ku boma, ndinyamuka mawa lomwe. Wauze akuluakulu kuti ndikubwera."

"Yayi, adumbu. Inunso mukudziwa, manda sagona." Mawu ake anali otopa, opanda ukali, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. "Galimoto yoti iwatengere ku boma inagona pano, dalaivala akudikira mawu anu. Akuluakulu amangondifunsa kuti wayankha? Ine ndimangoyang'ana timizere tiwiri tija tabuluu, tosonyeza kuti mwawerenga. Kutacha ndinawauza kuti mwina netiweki yavuta."

Dothi loyamba anaponya ndi iyeyo. Pa nthawi imeneyo ine ndinali nditabwerera kuhotela, chipewa chili pabedi.

Ndinafika kumudzi patapita masiku anayi. Anandiperekeza kumanda madzulo, atapempha chilolezo monga mwa mwambo. Mtumbira wa adada unali waung'ono, wosafika m'mawondo, dothi lake litayamba kale kuuma ndi kung'aluka, nkhata zamaluwa zitafota. Ndinagwada pamenepo ndikulira, ndipo kulira kumeneko kunali koona.

Titabwerera n'kusamba m'manja, azakhali athu, mlongo wawo wa adada, anamutembenukira mlongo wanga pamaso pa anthu onse.

"Iwe ndiwe unalakwitsa. Munthu ali kutsidya kwa nyanja, mutu uli pa maphunziro, iwe n'kumamulembera zozungulira? Ukanangonena kuti adada atisiya. Mwana sanamve uyu. Wamulanda dothi la bambo ake."

Mlongo wanga anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinadikira kuti anene za timizere tija. Anaweramitsa mutu n'kuti, "Ndinalakwa ine, ankhazi. Pepani chomene."

Ine ndinafunda chitenje kumaso n'kuwonjezera kulira. Sindinamuwombole.

Chipewa chija ndinam'patsa iyeyo mawa lake. Anachitembenuza m'manja, osachiyesa n'komwe, n'kuchipachika pa msomali m'chipinda cha adada. Chikadali pomwepo. Iye ndi ine timalankhulana bwinobwino, za feteleza, za madzi a mumgula, za sukulu ya ana. Za tsiku lija sitinayambe takambapo. Koma azakhali mpaka pano, pakagwa maliro pamudzi ndipo pakufunika kudziwitsa wakutali, amanena mokweza kuti foni asam'patse mlongo wanga, chifukwa anam'manitsa mchemwali wake maliro. Iye amangonyamuka n'kupita kukathandiza kuwaza nkhuni.

Azakhali sawerenga, koma alipo amene adzawawerengere izi. Ankhazi, mnyamatayo musiyeni. Uthenga uja ndinaumva ndisanamalize n'komwe kumanga nsapato.