Thukuta la khoma la alamu anga

Lachiwiri lapitali ndinalandira uthenga kwathu ku Mitundu woti ndifike msanga ku Nathenje, achemwali anga akundifuna. Wobweretsa uthengayo sanachulutse mawu. Anangoti, "Akuti mubwere ndi majombo."

Kumaliro sapita ndi majombo, kuchinkhoswenso ayi. Ndinapalasa njinga mtima uli m'mwamba.

Ndiyambe ndakuuzani za alamu anga, a Gelesoni. Bambo amenewa anagwira ukapitawo zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya cha ku Dzalanyama. Nyumba ya bwana wa pa esitetipo inali ndi chipinda chapansi, chokumba m'nthaka, chotsikira pa masitepe. Alamu analowamo kamodzi kokha atatumidwa kukatenga nyali, koma mtima wawo unatsalira momwemo. Atapuma pa ntchito anamanga nyumba ya njerwa zootcha, yamalata, pansi pake n'kukumba chipinda chotero.

Mlendo aliyense wofika pakhomopo, asanamwe n'komwe madzi, amayamba watsika masitepe kukaona. "Muno mbava siifika, khoswe safika," amatero alamu, dzanja lili pachifuwa. Chimanga chonse cha banjali chimakhala m'menemo. Ndipo inu mukudziwa kuti mwezi uno, chimanga cha m'munda chisanakhwime, thumba limodzi ndi moyo.

Nditafika ndinapeza achemwali akukwera masitepe ndi ndowa pamutu, chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo. Pansipo panali alamu, ataima m'madzi, m'manja muli burashi ya laimu.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Taswera bwino, kaya inu. Musadandaule, palibe vuto pano. Ndi thukuta chabe la khoma."

Thukuta lake lofika mu akakolo!

Achemwali anatula ndowa n'kundikokera pakona. "Achimwene, taonani nokha. Aka n'kachitatu akumata pamenepa."

Panali mng'alu wochokera pansi mpaka m'chiuno mwa munthu, woti chala chaching'ono n'kulowa. Chaka chatha alamu anaumata ndi simenti, n'kupaka laimu. Mvula yoyamba itagwa anamatanso. Tsopano simentiyo inali itamatuka ngati chikhungwa, madzi akutsetsereka mwakachetechete. Matumba apansi anali atanyowa, ndipo fungo lake linali ngati la chimera.

Tinatulutsa matumba onse mothandizana ndi achibale ena amene anabwera. Ndiye mukudziwa, chibwerereni ufulu wolankhula, munthu sasenza thumba popanda komiti kusonkhana. Wina anati pansi pa nyumbayo pali kasupe. Wina anatsitsa mawu n'kuti apa pali dzanja la munthu wanjiru. Mkulu wina anati simenti ya boma lakale inali yolimba, mnzake n'kumuyankha kuti nyumbayo inamangidwa ndi simenti ya boma lakale lomwelo. Anatsala pang'ono kugwirana makolala. Wogwira ndowa panalibe.

Achemwali anali ataitanitsa kale mmisiri, a Mbewe, bambo wochepa mawu amene wamanga nyumba zambiri kuyambira ku Nathenje mpaka ku Diamphwe. Alamu anawalandira mwaulemu n'kuyamba kuwalongosolera za chipindacho. A Mbewe anatsika, anakhudza mng'aluwo ndi chala, n'kukweranso. Anazungulira kuseri kwa nyumba. Anayang'ana denga, anayang'ana pansi. Kenako anapempha ndowa ya madzi.

Anaima mapazi atatu kuchokera pakhoma n'kukhuthula madziwo pansi. Tonse tinaona. Madzi aja sanapite kumsewu kapena kumunda. Anathamangira kukhoma ngati ayitanidwa, n'kulowa pansi pomwepo.

"Mwaona, bambo?" anatero a Mbewe. "Malata anuwa akutayira madzi m'tsinde mwa khoma, ndipo bwalo lanu linapendekekera kunyumba. Madzi onse a denga lino akugona pamaziko. Mukamata m'kati, ndiye kuti mukulimbana nawo atalowa kale m'njerwa."

"Ndiye titani?" anafunsa achemwali.

"Tikumbe kunja kuno mpaka tione maziko. Mng'aluwo tiuseme ukule pang'ono kuti simenti igwire, tiutsuke, tiumate ndi simenti yambiri mchenga wochepa. Ikauma tipake phula khoma lonseli. Pokwirira tiyambe ndi miyala, dothi tiliunjike lokwera chakukhoma, kenako ngalande yotengera madzi kutali. M'katimo tidzamata pomaliza."

Alamu anacheukira kunjira. Khoma lakuseriro linayang'ana njira yopita kuchigayo, mmene mumadutsa mudzi wonse.

"Kukumba kunja? Panjira pomwepa? A Mbewe, palibe mankhwala ongopaka m'kati? Anthu aziti a Gelesoni anamanga chitsime m'nyumba."

A Mbewe anapukuta manja pa ovolosi yawo. "Opaka alipo, bambo. Mudzandiitanenso chaka chamawa."

Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira zanga. Denga la kuchipinda kwathu lakhala likudontha nyengo ziwiri. Kodi ndinakwerapo? Ayi. Ndinangosuntha bedi. Mayi a kunyumba akadandaula ndimawauza kuti mvula yatsala pang'ono kutha.

Nanga inu, muli bwino?

Ife anthu timaopa kuonedwa tikukonza kuposa mmene timaopera kuonongeka kwenikweniko. Munthu amalolera chimanga chiwole, bola oyandikana nawo asadziwe kuti nyumba yake ili ndi chilema. Ndipo laimu timamukonda zedi. Mukukumbuka kale lija kukamabwera akuluakulu? Tinkapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo, ngakhale chimbudzi chogwa mbali imodzi. Tinkati n'chifukwa cha mantha. Lero mantha aja anatha, titha kunena chilichonse pamsika wa Mitundu popanda kucheuka. Koma burashi ija sitinataye.

Ndikudziwa sukulu ina kuno kwathu imene khoma la kalasi linang'aluka moti ana amapatsirana mapensulo ndi anzawo ali panja. Makolo tinakumana kawiri. Tinalankhula bwino kwambiri, aliyense ndi mfundo yake, ena mpaka kuomberedwa m'manja. Tinagwirizana kuti tipake penti alendo asanabwere. Woti tikumbe tione chimene chikudya maziko sanapezeke, chifukwa kukumba n'kuvomera pamaso pa anthu kuti pomanga paja tinalakwitsa. Ndani amafuna zimenezo?

Komatu musawaseke kwambiri alamu anga. Chipinda chija ndi chinthu chokhacho chimene anachiona kwa bwana n'kunena kuti nanenso ndingathe. Zaka zonse zija ankalondera fodya wa eni, akugona m'nyumba ya eni. Kuwauza kuti akumbe panjira kunali ngati kuwauza kuti avule malaya pamsonkhano. Ndinawaona akuyang'ana matumba aja ali pabwalo, kenako njira ya kuchigayo, kenako matumba aja.

Amene anadula nkhani ndi achemwali. Analowa m'khitchini, anatuluka ndi khasu, anafunsa a Mbewe poyambira, n'kuyamba kukumba.

Posakhalitsa panadutsa amayi atatu, malichero ndi matumba pamutu. Anaima.

"Kwagwanji, mayi a Tiyamike?"

Achemwali anayankha akukumba, "Madzi akulowa m'nyumba, anzanga. Khoma linang'aluka pansipa. Matumba awiri taluza kale."

Alamu anayang'ana kumbali, akudikira chiseko. Koma mmodzi wa amayiwo anatula katundu wake n'kusuzumira m'dzenjemo. "Kodi zimakonzeka? Kwathu khoma la kuchipinda limachita chinyezi chaka ndi chaka, abambo amangoikapo kabati. A Mbewe, mukatha kuno mudzatione."

Apo alamu anavula jekete. Anaikoleka pamtengo wa mango mosamala, anatenga piki, n'kulowa m'dzenje.

Tinakumba mpaka madzulo, mawa lake tsiku lonse. Mwamwayi dzuwa linatichitira chifundo. Pofika pamaziko tinapeza kuti mng'alu wakunjawo unali waukulu kuposa wam'kati, dzanja lonse n'kulowa, dothi lake lili phala. A Mbewe anasema, anatsuka, anamata. Phula anati adzapaka simenti ikagwira bwino, ndipo pakadali pano anaphimba dzenjelo ndi malata akale. Chimanga chotsala achemwali anachiyanika pamphasa, cha m'matumba awiri oonongeka aja n'kupereka kwa oweta nkhumba. Chotsalacho chiwafikitsa kokolola ngati asamala.

Lachinayi ndikumanga katundu panjinga, ndinamva mawu a alamu kuseri. Anali akukumba ngalande, ndipo panjira panaima abambo awiri akuonerera.

"Anthu ambiri sadziwa," alamu ankatero, atatsamira piki. "Amangothamangira kumata m'kati. Kulakwa kumeneko! Madzi umawatchingira kunja. Ine ndakhala ndikunena zimenezi."

Achemwali, amene ankatuta dothi ndi fosholo pambali pawo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Kumbani, bambo a Tiyamike. Mitambo iyo."