Nkhungu ya a Musagwedezeke

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Mumsewu monse ankawadziwa kuti a Musagwedezeke, chifukwa ndiwo mawu amene ankauza aliyense wolowa m'kachipinda kawo kojambulira zithunzi, pakati pa telala ndi wokonza mawotchi. Akwati, ana a sukulu, ofuna chiphaso, onse ankakhazikidwa pampando womwewo, kuwakweza chibwano ndi chala, kenako: "Musagwedezeke." Pamaliro ena anauza choncho ngakhale malemu ali m'bokosi, anamfedwa mpaka kudziluma milomo.

Kuseri kwa mpandowo kunali nsalu yakale yojambulidwa phiri lachilendo, ndipo mbewa zinali zitalidya nsonga. Nsaluyo inkawachititsa manyazi. Phiri lenileni linali pomwepo, kumapeto kwa msewu, choncho analumbira kuti sadzapuma ntchito asanalijambule bwinobwino n'kulipachika pakhomapo.

Vuto n'lakuti phirilo ankalitenga ngati kasitomala. M'mawa uliwonse ankakwera padenga la shopu ndi kamera, choimikira cha miyendo itatu ndi ambulera yoyera. Dzuwa linkatulukira kuseri kwa phiri, phirilo n'kungooneka bii.

"Kasitomala wanji wobwera ndi nyali kumsana?" ankadandaula. "Tatembenukani pang'ono, akulu!"

Phiri silinkatembenuka. Masana linkatuwa ngati lasamba osadzola. Analiwalitsira fulashi, koma fulashiyo inangodzidzimutsa nkhunda. Tsiku lina anapempha telala kuti asoke chinsalu choyera chopachika kumbuyo kwa phirilo. Telalayo, munthu wosakana ntchito, anangoti, "Mundibweretsere miyeso."

Kenako kunabwera nkhungu yosachoka. Tinene zoona: nkhunguyo sinali kuphiri, inali m'maso mwawo. Inali ng'ala, ndipo mumsewu monse ankadziwa kupatula mwini wake.

"Bambo ake, kunjaku kwayera mbee," akazi awo ankatero.

"Mayi ake, za kuwala munaziphunzira kuti inu?"

Anakweza fani padenga, chingwe chake chodutsa pawindo la wokonza mawotchi, n'kuilozetsa kuphiri kuti ikupize nkhunguyo. Ankachenjeza oyendetsa magalimoto kuti ayatse nyali masanasana. Kujambula sanasiye. Ankatsuka chithunzi, kuchiyandikiza pamphuno, kuona nkhungu, n'kuchiponya m'dengu la zinyalala. Mayiwo ankatola mwakachetechete n'kumayala m'madirowa pansi pa zovala.

Poyamba ankaseka nawo, koma mantha anawagwira tsiku limene amuna awo anakweza chibwano cha jekete lopachikidwa pamsomali n'kuliuza kuti limwetulire. Adokotala anali atanena kale kuti akachedwa maso apita. Bamboyo anakanitsitsa kwamtuwagalu.

"Ndikagone kuchipatala, nkhungu ichoke ine kulibe? Ndadikira zaka zonsezi pachabe?"

Mayiwo anakhala nawo pabanja zaka zambiri, ankadziwa pogwira. Anatchula nkhaniyo akusita malaya, ngati yosafunika.

"Akuti adokotala aja alandira magalasi atsopano, ang'ono kuposa a kamera yanu. Amachita kuika m'diso momwemo. Koma akuti si a wojambula aliyense."

"Si a wojambula aliyense? Akutanthauza chiyani?"

Kutacha bamboyo anali pamzere kuchipatala, atavala tayi, akufunsa anamwino ngati galasilo lili ndi chivindikiro chake.

Opaleshoni itatha, atawamasula mabandeji, anapempha kuti awaimike pawindo. Phiri linali apo, loyera ngati lachapidwa. Anakwiya.

"Chinsanja cha mafoni chija wachiika ndani pamutu pake? Nanga chibala cha m'nthiticho?"

"Amaswa miyala pamenepo, bambo ake. Anayamba kale."

"Ndiye kasitomala wabwera osapesa ameneyu."

Kunyumba mayiwo anatsegula madirowa n'kukhuthulira zithunzi pabedi. Panali phiri dzuwa likusuzumira paphewa pake, phiri mvula ikulidula pakati, phiri lofiira madzulo, mwala uliwonse ukuoneka. Panalibe nkhungu ngakhale pachimodzi. Kamera inali ikuona bwinobwino nthawi yonseyi.

"Wajambula ndani izi?" anafunsa mwansanje.

"Wakhungu wina wamakani."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Potembenuka kuti ayankhe, anawaona akazi awo. Zaka zonse za nkhunguzo ankaona nkhope yosalala ya mtsikana amene anamukwatira, n'kumanyadira mumtima kuti wawo sakalamba. Tsopano panaima mayi wa imvi, makwinya atazungulira maso, padzanja pali chipsera cha simbi chimene sankachidziwa n'komwe. Munthuyu anakalamba ali pambali pawo, iwo maso ali kuphiri. Chisoni chinawagwira, ndi manyazi omwe.

"Munapsa liti pamenepo?"

"Tsiku lija munkakweza fani."

Bamboyo anawagwira dzanja n'kuyenda nawo msewu wonse mpaka kushopu. Anathothola nsalu ya mbewa ija, kuwakhazika pampando, kuwakweza chibwano ndi chala.

"Nanga phiri lanu?" mayiwo anafunsa.

"Lidikire. Silithawa lija. Musagwedezeke."

Mayiwo sanagwedezeke. Amene ananjenjemera ndi wojambula, ndipo chithunzicho chinatuluka ndi nkhungu yeniyeni. N'chimene chili pakhomapo mpaka lero, ndipo kasitomala akanena kuti sichikuoneka bwino, amamulozera njira ya kuchipatala.