Madzi Osamba a Bambo Mulinga

Ndinatula dengu la tiyi chaka chimene mwana wanga Estere anasankhidwa kupita kusekondale. Nditanena zopita ku Joni kukasaka fizi, bambo ake, a Mulinga, anati mkazi sayenda yekha. Ndinati ngati zili choncho apite iwowo. Sanapite. Ndinakwera minibasi pa Limbuli, ku Blantyre n'kukwera basi ya ku Joni.

Ntchito imene ndinapeza inali yosamalira gogo wachizungu wofa ziwalo mbali imodzi. Mwana wawo, amene tinkangoti Madamu, anandiuza tsiku loyamba kuti, "Wake her up at six. Get her up at seven." Ine ndinangomva zodzutsa. Sikisi itakwana ndinawanyamula gogowo n'kuwakhazika pampando mankhwala asanayambe kugwira. Anachita chizungulire, pang'onong'ono agwe. Madamu anakuwa kuti amubweretsera mbuli m'nyumba.

Sindinazolike. "Madamu, ine ndimalankhula Chilomwe, Chichewa ndi Chipwitikizi cha pamsika wa Muloza. Chanuchi n'chachinayi. Mundiphunzitse, musanditukwane."

Anandiphunzitsa ndi gogo omwewo, ndi pakamwa pawo popotoka. Ankatong'ola maso: "Wake up." Ankamenya bedi ndi dzanja lamoyolo n'kuloza pansi: "Get up." Kutsegula maso kwina, kuponda pansi kwinanso. Kenako "put on" ya juzi imodzi, "get dressed" yovala thupi lonse, "dress up" yotchena Lamulungu. Zinkandiseketsa. Kwathu n'kudzuka basi, kapitawo wa kuesiteti sadikira munthu wogona ali maso.

Zaka zinayi ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Lamulungu ndinkabwereza mauthenga a Estere mpaka foni kuzima. Bambo ake ankaimba mwezi ukatha pokhapokha. Ndalama ndinkatumizabe.

Gogo atamwalira ndinabwerera. M'mawa woyamba, phiri likadali m'nkhungu, ndinaona a Mulinga ali chagada, maso ali gwa, wailesi pachifuwa.

"Amake Estere, madzi osamba."

Panja Estere, amene anali ndi mayeso a Folomu 4 tsiku limenelo, ankachokera kumjigo ulendo wachiwiri. Anandiuza kuti zaka zonsezi zakhala zili choncho. Kani ola logona uli maso kwathu linalipo kalekale, kungoti silinali lathu akazi.

"Estere, tula ndowayo, kavale yunifolomu."

Ndinabwerera m'chipinda. "Bambo, ine ndanyamula munthu wopuwala zaka zinayi, ndipo ankathokoza. Inu miyendo muli nayo iwiri. Nkhuni zili pakhonde."

"Joni yakuwononga iwe," anatero.

"Eya, yandiwononga."

Anakadandaula kwa alongo awo, anakadandaula kwa mkulu wa mpingo. Masiku awiri anayenda osasamba. Tsiku lachitatu ndinawamva kukhitchini akupemerera moto, akutsamwa ndi utsi, akufunsa Estere kuti poto wamkulu amakhala pati.

Ndinakoka bulangete mpaka m'khosi.