Tsabola M'maso Mwanga

Ndiyambe ndaulula uchitsiru wanga, chifukwa ndikachedwa akazi anga aulula okha, ndipo iwo sasiya kanthu m'mbale. Ndili ndi zaka khumi ndinkakhulupirira kuti kufiira ndi mankhwala. Ndinkati anyamata akapita ku jando amawadontheza kanthu m'maso, n'chifukwa chake akabwerako amatha kuyang'ana chitsamba n'kunena kuti, "Ichi chapsa, ichi sichinapse." Atsikana ndinkati amabadwa nazo, monga amabadwira ndi pakamwa. Anzanga osavinidwa akanena kuti akuona chofiira, ndinkati akungonamizira ukulu.

Sekani, koma musamalize mano onse, nkhaniyi mpaka lero imandiwawa.

Kwathu ndi ku Machinga, cha ku Ntaja. Bambo anga anapita ku Joni osabwerako, ndiye ine ndi mayi tinali m'manja mwa malume anga, Che Bwanali. Iwo anali ndi munda wa tsabola wamng'onomng'ono uja, woti ukaluma kamodzi umakumbukira machimo ako onse. Ankayanika pamikeka n'kukagulitsa ku Liwonde. Loweruka lina anandipatsa dengu.

"Uthyole wofiira yekha. Wobiriwira usamukhudze. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinalowa m'munda, dzuwa likuswa mtengo, n'kuima pachitsamba choyamba. Tsabola yense anali mtundu umodzi, ndipo mtunduwo sunali kutali ndi wa masamba. Ndinamugwira, yense wolimba. Ndinamununkhiza, ndinangoyetsemula. Ndiye ndinaganiza mwanzeru zanga kuti wakupsa ayenera kukhala wamkulupo. Ndinathyola wamkulu yense, dengu linadzaza anzanga othyola nawo asanafike ndi pakati pomwe, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Malume anakhuthula dengulo pamkeka.

"Ichi n'chiyani?"

"Tsabola, malume."

"Ndikuona kuti ndi tsabola, galu iwe. Wakupsa ali kuti?"

"Ndi yemweyu."

Apa ndisadzikometse. Ine ndinali mwana wovuta. Ndinaikapo chule m'nsapato ya mwalimu ku madrasa, ndinamangapo mbuzi ziwiri michira. Choncho aliyense pakhomo paja anangoti Yusufu wayambanso. Malume anatola tsabola muwiri, wina kudzanja ili, wina kudzanja ilo, n'kufunsa kuti wofiira ndi uti. Ndinaloza wakumanja. Anali wakumanzere. Nthambi ya bwemba inathera pamsana panga.

Loweruka lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Loweruka lachitatu ndinalira ndisanalowe n'komwe m'munda. Ndinawagwira miyendo, ndikulumbira kuti sindikuona kusiyana kwake. Iwo anati ndi mwano. Anatola tsabola mmodzi, n'kumufinya ndi zala, n'kundipana mutu pakati pa mawondo awo.

"Maso awa agona. Tiwadzutse."

Sindikufotokozerani ululu wake, ndilibe mawu ake. Chimene ndimakumbukira ndi mawu a mayi akuthamanga kuchokera kuchitsime, akukuwa kuti, "Achimwene, mundiphera mwana!" Anandithira madzi a mumtsuko wonse, kenako mkaka wa mbuzi. Masiku awiri ndinkayenda chopapasa khoma. Maso atatseguka, tsabola anali yemwe uja, mtundu umodzi.

Koma chimene sindinawakhululukire si tsabolayo ayi. Sabata imeneyo malume ananditulutsa sukulu. Anati, "Mwana wosasiyanitsa chakupsa ndi chachiwisi akaphunzirako chiyani? Akadyetse mbuzi." Ndinali Sitandade 4, ndipo masamu ndinkakhoza kuposa mwana wa aphunzitsi. Chichewa chokhota chimene mukuwerengachi n'cha Sitandade 4 imeneyo, mukadandaule kwa Che Bwanali.

Chaka chotsatira ndinapita ku jando mtima uli m'malo, ndikudikira mankhwala aja. Anandichita zonse zimene amachita kumeneko, palibe chimene anaiwala, koma za m'maso ayi. Nditabwerako ndinathamangira kumunda. Palibe chinasintha. Pamenepo ndinavomera kuti malume ankanena zoona, ndine chitsiru basi, ndipo ndinaphunzira kubisa. Wina akafunsa mtundu wa chinthu ndinkatsokomola mpaka wina ayankhe. Nditaphunzira kuyendetsa galimoto, maloboti ndinawaloweza ngati ndime ya ku madrasa: lapamwamba ima, lapansi pita. Ndi nzeru imeneyo ndayendetsa Blantyre, ndipo kuno ku Dubai ndayendetsa banja limodzi la Aluya mpaka ana amene ndinkawapititsa ku nasale akwatira. Sindinagundepo ngakhale mphaka.

Mwezi wathawu zilembo za pafoni zinayamba kuthawa, ndiye ndinalowa m'shopu ya magalasi kuno ku Al Nahda kumene timakhala. Wopima maso anali mtsikana wa ku India, msinkhu wa mwana wanga. Atamaliza za zilembo, anatsegula kabuku kodzaza timadontho.

"Ankolo, mukuona nambala yanji apa?"

Tsamba loyamba ndinaiona. Lachiwiri munalibe kanthu, timadontho tokhatokha ngati mazira a chule. Ndinayamba kutsokomola, koma m'chipindamo munalibe wina woti ayankhe. Zinali ngati ndamva mapazi a malume. Nkhalamba ya imvi, ndinabisa manja kumbuyo.

"Mulibe nambala umu, mwananga. Buku lakoli anakubera."

Iye anaseka, n'kutembenuza masamba ena angapo, kenako anakhala pansi n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Anati kumbuyo kwa diso kuli timaselo ta magulu atatu tolandira kuwala. Gulu lililonse limauza ubongo zake, ndipo ubongo ndi umene umayerekeza mauthenga atatuwo n'kupanga mtundu umene munthu amaona. Mwa ine gulu limodzi linabadwa lopotoka, limanena zofanana ndi linzake, ndiye chofiira ndi chobiriwira zimafika ku ubongo zitavala malaya amodzi. Anati zimagwira kwambiri amuna. Mwamuna amatengera kwa mayi ake, mwamunayo n'kupatsira ana ake aakazi, amene amaona bwinobwino koma angathe kupatsira ana awo aamuna. Mankhwala ake kulibe.

"Si matenda oopsa, ankolo. Asayansi anazifufuza kalekale, inu musanabadwe. Khalas, basi, musadandaule."

Ndisadandaule! Ndinatuluka osasankha n'komwe magalasi. Panja kunali kutentha ngati pakamwa pa uvuni, magalimoto opita ku Sharjah ataima mndandanda, ine ndikuyenda m'mbali mwake ndikutukwana m'Chichewa ndi m'Chiyao, mpaka Mpakistani wina anatsitsa galasi kufunsa ngati ndili bwino. Ndisanabadwe! Kutanthauza kuti tsiku limene mutu wanga unali pakati pa mawondo a malume, kabuku ka timadontho kaja kanali kale pashelefu kwinakwake. Funso la mphindi imodzi. Ine ndinalilipira ndi sukulu yanga yonse, ndi zaka makumi asanu zodziona ngati chitsiru.

Ena mudzati malume sankadziwa. Zoona, sayansi sankaidziwa. Koma ankadziwa kuti mwana wagwira miyendo yawo akulumbira. Ndi mwana uti amene angasankhe kukwapulidwa Loweruka katatu chifukwa cha nthabwala? Zimenezo sizifuna kabuku. Chimene ndadziwa mochedwa n'chakuti anthu awiri angathe kuyang'ana chitsamba chimodzi, aliyense n'kuona zake, popanda wonama. Mwana akati sindikuona, choyamba si ndodo. Che Bwanali anamwalira kalekale, ndipo chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti anapita akudziwa kuti anali olondola.

Madzulo ake ndinawafotokozera akazi anga, Abiti Saidi, zonsezi, ndikumenya tebulo mpaka tiyi kutayika. Ndinati ndikapita kumudzi ndikaima pamanda paja n'kuwawerengera za timaselo titatu. Iwo ankangosenda anyezi, osadabwa ngakhale pang'ono. Nditatopa anapukuta manja n'kunena kuti:

"Ine ndinadziwa chaka choyamba cha ukwati, mutandigulira nsalu yofiira kuti ndikavale kumaliro. Mumati zovala ndimakusankhirani chifukwa cha chikondi? Tsono wakufayo mwamutukwana mokwana, sakumva. Koma mwana wathu Asiyatu anaimba foni mwezi watha, akudandaula kuti mdzukulu wanu wamwamuna uja akupaka masamba a mtengo choko chofiira, ndipo aphunzitsi amukwapula kawiri kuti ndi mwano. Inuyo munaseka, munati mwanayo watengera uchitsiru wa bambo ake. Yalla, fulumirani, foni iyo. Imbani, mawa ndi tsiku la sukulu."