Kompyuta Imene Mwana Wanga Anasiya

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku tauni ndi zinthu ziwiri, chifuwa chosatha ndi kompyuta. Zinali zaka zoyambirira za matipate, makampani akungotsekedwa. Kumene ankagwira ntchito yotayipa anawagawira katundu wakale wa mu ofesi. Ena anatenga mipando. Iye anatenga chibokosi chotuwa, galasi lake looneka ngati wailesi yakanema, ndi thabwa la mabatani lija amati kibodi. Chifuwacho chinamutenga mvula isanathe. Anandisiyira kompyutayo ndi mwana wake wamkazi, amene anali kumaliza sekondale.

Kwathu kulibe magetsi. Ndinaikulunga m'zitenje n'kuikankhira kunsi kwa bedi, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti tinagulitsa. Pamaliro paja ndinawaona amene ankalira maso ali kuchipinda. Kompyutayo inakhala kunsiko mpaka mvula ina inabwera n'kupita.

Kenako kunafika mayi wina wa ku tauni, wachibale chakutali, kudzapempha mdzukulu wanga kuti akamulerere ana. Anabwera ndi shuga ndi sopo, akuseka kwambiri. Ine munthu woseka asanakhale pansi sindimukhulupirira. Tauni yomweyo inandibwezera mwana wanga ali mafupa okhaokha, ndiye ndipereke wina? Koma chomupatsa mtsikanayo kuti akhale ndinalibe.

Iye mwini ndi amene anapeza njira. Mayi ake anali atamuphunzitsa kutayipa. Mtsikanayo analankhula ndi bambo wa golosale pa Mitundu, amene anali ndi magetsi, kuti amupatse kakona azitayipira anthu makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Bamboyo anavomera, koma anati: "Ndiione kompyutayo ikugwira ntchito msika wa fodya usanatsegulidwe. Apo ayi, pali wometa tsitsi akukafunanso kakonako."

Tinaitengera kumeneko pa wilibala. Mdzukulu wanga analumikiza mawaya, napukuta manja m'siketi, nadina batani. Mkati munayamba kuuluza kamphepo. Mtima wanga unakwera. Kenako inalira kuti piii, pagalasi lakuda panabwera timizere ta zilembo zoyera, ndipo inaima pomwepo.

"Yati chiyani?"

"Yati sikupeza poyambira, agogo."

"Poyambira chiyani? Si wayiyatsa kale?"

Anaizimitsa n'kuyatsanso. Zomwezo. Anazula mawaya onse, nawauzira, nawabwezera. Zomwezo. Anadina mabatani amene mayi ake ankadina, galasi linasanduka labuluu, anawerenga milomo ikugwedera, nabwerera pa timizere tomwe tija. Ine ndinkawerenga nkhope yake, poti Chingerezi sindichidziwa.

Anthu anadzaza pakhomo. Wina anati tiyanike padzuwa, yalowa chinyontho. Wina anati inazolowera magetsi a ku tauni, a kuno ndi opyapyala. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anati, "Ikulira mwini wake imeneyo." Ndinamuyang'ana mpaka anabwerera ku beseni lake. Wa golosale anati ku Nathenje kuli bambo wokonza mawailesi amene anagwirapo ntchito ya makina otere ku tauni. Ndinafunsa ngati ndi mbale wake. Anati ayi. Sindinakhulupirire, koma tinapita.

Pa matola ndinaika bokosilo pamiyendo, lokutidwa ndi chitenje. Mtsikana ananyamula galasi. Msewu unali wamabampu, ndipo pa bampu lililonse ndinkadzinyamula pang'ono kuti bokosi lisagunde.

"Agogo, mwanayo akupuma koma?" anatero wotolera ndalama.

"Akupuma kuposa galimoto lanuli."

Wokonzayo anali bambo wamtali, wa magalasi omangidwa ndi waya. Anamvetsera nkhani yathu, nati tisiye tidzabwere mawa. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo n'kutambasula miyendo. Ndimawadziwa anthu okonza. Wailesi ya malemu amuna anga inapita kokonzetsa ikulankhula pang'ono, inabwera yopepuka, yosalankhula n'komwe.

"Mutsegula ine ndikuona, bambo."

"Ndiye muona chiyani, mayi?"

"Manja anu."

Anaseka, natsegula. Munatuluka mphemvu, ndi fumbi lolukana ngati thonje. Asanagwire kanthu ndinatulutsa kabotolo ka kyutekisi wofiira, utoto wopaka m'zikhadabo uja. Kwathu mbale ndi mapoto zikamapita ku maliro kapena ku ukwati timazidontheza utoto kunsi, kuti pobwerera wina asanene kuti ndi zake. Ndinamuuza kuti chilichonse chimene achotse m'mimba mwa bokosilo chiyambe chadutsa m'manja mwanga.

"Agogo, mukundichititsa manyazi," ananong'ona mdzukulu wanga.

"Manyazi sakupatsa kakona."

"Asiyeni, achemwali," anatero bamboyo. "Koma chonde mayi, osapaka pa timano tagolideto. Pakani apa, pambali."

Ndinadontheza pa kabatire konga kandalama kachitsulo. Anati kafa, naikamo kena. Anayatsa. Piii, timizere tija. Anazula timatabwa tiwiri tobiriwira, ndinatidontheza, anatipukuta timano ndi labala ya pensulo, natibwezera. Timizere tija. Anasintha lamba wotuwa wamkati, anagwedeza apa, anauzira apo. Kenako anagoneka khutu pa kabokosi kachitsulo, kolemera, kakakulu ngati sopo wochapira, ndipo anandiitana kuti nanenso ndimve. Munkamveka kuti tha, tha, tha, ngati chiswe m'denga.

"Iyi ndi disiki. Zonse zimene kompyuta imakumbukira zimakhala umu, ndi poyambira pake pomwe. Ndikuganiza kuti ndi imene yafa. Koma kuti tidziwe, ndichotse yanuyi ndiikemo ina."

Chinthu chimene ndinabwerera kudzaletsa, iye ankachinena poyera, masana, pamaso panga.

"Kusinthanitsa? Ndi mmene mumabera."

"Ndi mmenenso timakonzera, mayi. Njira ina palibe."

Ndinayang'ana mdzukulu wanga. Maso ake anali ofiira. Ndinadontheza kyutekisi pa disiki yathu, madontho aakulu, ndipo ndinaigwira ndekha m'manja. Bamboyo anazula ina m'kompyuta ya eni ake imene inali pakona, naiika mwathu. Anadina batani.

Inalira piii kamodzi, timizere tinathamanga, ndipo sitinaime. Galasi linawala, panabwera mitambo ndi tizithunzi. Mdzukulu wanga anakuwa, nakoka kibodi, zala zikuthamanga ngati za mayi ake. Anatayipa dzina langa kuti ndione. Limenelo ndinaliwerenga ndekha.

"Basitu yachira," ndinatero.

"Yachira ndi mtima wobwereka," anatero bamboyo, akuzimitsa. "Eni ake abwera kudzatenga."

Ndinamupempha. Ine amene sindipempha munthu, ndinamutchula mwana wanga. Anati disiki yoteroyo inasiya kupezeka, mwina wina akadzataya kompyuta yakale ku tauni, koma liti, iye sadziwa. Anayesa yathu m'kompyuta inayo kuti ndikhutire. Tha, tha, tha, ndi timizere tomwe tija.

Mpaka lero sindidziwa ngati ananena zoona. Mwina inalipo ina m'kabati mwake. Mwina yathu ikanadzuka m'manja mwa munthu wina. Ndinayang'anitsitsa chilichonse chimene anachita, sindinaphethire, zanga zonse, ndi kabatire kakufa komwe, zinabwerera m'malo mwake ndi madontho ake ofiira, koma palibe chimene ndinamvetsa. Mbava ya nkhuku ndimaidziwa poyenda. Apa ndinalibe pogwira.

Tinafunsa kwa dalaivala wa ku esiteti, kwa aphunzitsi, kwa wachibale wa abusa wogwira ntchito ku Likuni. Aliyense ankati afufuza. Mabelo a fodya anayamba kukwera malole. Tsiku lina ndikudutsa pa golosale ndinamva makina ometera akulira m'kakona kaja.

Mayi wa ku tauni anabweranso Loweruka lotsatira. Sindinamulandire chikwama, koma chomukanizira mwanayo ndinalibenso. Mdzukulu wanga anagwada pakhomo kunditsanzika, ndipo ndinamuuza zonse zimene ndinakonza: asadye chopatsidwa ndi mwamuna, azigona atakhoma, akadwala ngakhale chimfine abwere. Ankangoti, "Ndamva, agogo." Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Minibasi inali yodzaza, anamukhazika pakati, ndipo pamene inkanyamuka sindinathe kuona kuti mutu wake ndi uti.